Linga la pathanthwe la ku Edinburgh: tilowe m'kati kapena tingoyenda m'mudzi wa m'munsi mwake?

Nachisale_Paisley
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso, koma ndiyambe ndadandaula pang'ono. Chaka chatha ndinapita ku Edinburgh, likulu la Scotland, ndi anzanga a kuntchito, ndipo tinalipira munthu wina kuti atiyendetse m'linga la mafumu lija lili pamwamba pa thanthwe pakati pa mzinda. Munthuyo anatikusa ngati ng'ombe zopita kudibi, moti maola awiri asanakwane tinali titatuluka kale, ndipo zimene zinanditsalira m'mutu ndi mizinga, zovala za asilikali zoikidwa m'magalasi ndi chikhamu cha anthu ojambula zithunzi. Ndinkayembekeza kuona nyumba za m'zaka za m'ma 1200 kapena 1300, koma zambiri zinkaoneka ngati nyumba za asilikali zomangidwa dzana lomweli. Tsopano mayi anga akubwera kuchokera ku Zomba mwezi wa Meyi. Ali ndi zaka 68, mawondo amawavuta, ndipo ku Edinburgh tili ndi tsiku limodzi lokha. Kodi ndiwagulire tikiti tilowe m'lingamo, kapena tingoyenda m'mudzi wakale uja wa m'munsi mwake? Amene mukuwadziwa bwino malowa ndithandizeni.

Wa_ku_Leith
Alowetseni, achemwali. Munthu wochokera ku Zomba sangafike pakhomo pa nyumba yotero n'kubwerera panja. Chofunika n'chakuti ulendo uno mukhale ndi nthawi yokwanira ndipo pasakhale wokuthamangitsani.

Chidzukulu_cha_Mlonda
Ine ndikutsutsana nawo a Wa_ku_Leith. Kukongola kwa linga limenelo kumaonekera kunja. Mukaima ku Grassmarket n'kukweza maso, mumaona khoma likuchita kumera kuchokera m'thanthwe lakuda, osadziwa pamene mwala wa chilengedwe wathera ndi pamene mmisiri anayambira. Mukapita mbali ya kumpoto, m'munda wa Princes Street, mumaliona lonse mutakhala pabenchi, osalipira kalikonse. M'katimo ndi chitunda chokhachokha, pansi ndi miyala yoyala yosalingana, ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa ngakhale mwezi wa Meyi. Kwa mayi wamkulu wodwala mawondo, ndikuona kuti n'kuwazunza, ndipo ndalama ya matikiti awiriwo ingawagulire chakudya chabwino ndi juzi yofunda.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi Nachisale, maso anu sanakunamizeni. Nyumba zambiri za pathanthwepo zinamangidwa chaka cha 1573 chitadutsa, ndipo chipata choyamba chimene mumalowerapo ndi cha mu 1888, pamene ziboliboli za mfumu Robert the Bruce ndi William Wallace, ngwazi za ku Scotland, zimene zili m'mbali mwake zinaikidwa mu 1929. Koma funso loyenera ndi lakuti zakalezo zinapita kuti, chifukwa mbiri yeniyeni ya malowo ili m'yankho la funso limenelo.

Lingalo linagwetsedwa kawiri. Mu 1296 mfumu Edward I ya ku England inalanda thanthwelo, ndipo Angerezi anakhalapo zaka 18, mpaka usiku wina m'chaka cha 1314 pamene Thomas Randolph, mwana wa mlongo wake wa Robert the Bruce, anakwera phompho mumdima ndi amuna pafupifupi 30 okha n'kuwadzidzimutsa alonda. Bruce atalandira lingalo analamula kuti ligumulidwe. Pambuyo pake mwana wake, David II, anayamba kumanga nsanja yaikulu m'zaka za m'ma 1360, ndipo nsanjayo inaima zaka zoposa 200. Inagwa mu Meyi 1573, pamene anthu amene ankasunga lingalo m'dzina la mfumukazi Mary, motsogozedwa ndi William Kirkcaldy wa ku Grange, anaomberedwa ndi mizinga imene inabwera kuchokera ku England kudzathandiza mbali ya mwana wake wa Mary yemweyo, James VI. Khoma lalikulu lozungulira ngati mwezi wapakati, lotchedwa Half Moon Battery, limene mumaliona mukuyandikira chipata, linamangidwa mokuta mabwinja a nsanjayo, ndipo anthu anaiwaliratu kuti muli kanthu mpaka mu 1912 pamene zipinda zake zinapezekanso.

Nyumba imodzi yokha inapulumuka zonsezi, ndipo ndikukhulupirira kuti wokuyendetsani uja anakudutsitsani pakhomo pake mothamanga. Ndi katchalitchi ka St Margaret, kamene kali pansonga penipeni pa thanthwe. Anakamanga mfumu David I cha m'ma 1130 pokumbukira mayi ake, mfumukazi Margaret, amene anamwalira m'lingamo mu 1093. Ndi nyumba yakale kwambiri mu Edinburgh monse, ndipo ndi yaing'ono moti anthu 20 amadzaza. Muli khomo la uta losemedwa mizere yonga mano a sowo, ntchito ya amisiri a nthawi imeneyo. Kwa zaka zambiri asilikali ankasungiramo onga wa mfuti, mpaka mu 1845 pamene anthu anazindikiranso kuti ndi nyumba yopemphereramo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi, ndipo malo awa ndi a munthu wodekha.

Nachisale_Paisley
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Katchalitchiko ndikukumbukira kuti tinangosuzumira chifukwa panali mzere. Koma chimene sindikumvetsa ndi ichi: mfumu ingagumule bwanji linga lake lomwe, anthu ake atangoika moyo pachiswe kuti alilande?

Mphunzitsi_Wopuma
Chifukwa chake chinali chakuti Bruce analibe asilikali okwanira oti akhale m'malinga onse a dziko lake, ndipo ankadziwa kuti Angerezi akabweranso n'kulowa m'linga lolimba chotero, kuwatulutsa kungatenge zaka. Anaona kuti ndi bwino thanthwe likhale lopanda khoma kusiyana n'kuti likhale chisa cha mdani. Ndipo nkhawa yake inapherezeka, pakuti iye atamwalira Angerezi anabwereranso n'kumanganso makoma, mpaka mu 1341 pamene William Douglas ndi anthu ake anadzisandutsa amalonda obweretsa katundu, n'kutsekereza chipata ndi katunduyo kuti chisatsekedwe, anzawo amene anabisala pafupi n'kulowa.

Chidzukulu_cha_Mlonda
Mbiriyo ndi yokoma, aphunzitsi, koma mwaifotokoza muli pampando, ndipo mayiwo angathenso kuimva ali pabenchi kumunda kuja. Za mawondo simunayankhepo.

Nabanda_wa_ku_Fife
Za mawondozo ndiyankhe ndine, chifukwa ndinalowa m'menemo ndi bambo anga ali ndi zaka 74, akuyenda ndi ndodo. Mukangodutsa chipata chachiwiri, chija chili ndi chitseko chachitsulo chotsika kuchokera m'mwamba, kumanzere kuli masitepe otchedwa Lang Stairs, okwana 70, amene anali njira yakale yopitira pamwamba. Amenewo musawayese n'komwe. Njira ina ndi msewu wokhota wa miyala umene umazungulira thanthwe pang'onopang'ono, ndipo pali malo opumirapo pamene munthu amaona mzinda wonse mpaka kunyanja. Palinso galimoto imene imanyamula anthu ovutika kuyenda kuchokera pabwalo la kutsogolo mpaka pamwamba, ndipo ndi bwino kufunsa za iyo musanapite. Matikiti mugulire pa intaneti masiku akadalipo, musankhe nthawi ya m'mawa. Mayi avale nsapato zafulati zogwira pansi ndi mpango wa m'khosi.

Chimene ndikufuna kukuuzani kwenikweni ndi chimene chinawagwira mtima bambo anga. Ine ndinkaganiza kuti adzachita chidwi ndi chisoti chachifumu cha mu 1540 ndi ndodo yachifumu, koma anangoyang'ana n'kudutsa. Anaima nthawi yaitali pa chitsime, chimene chili pafupi ndi Half Moon Battery, chophimbidwa ndi zitsulo. Anawerama, n'kuyang'ana mumdimamo, n'kundifunsa kuti chinakumbidwa bwanji m'mwala woterowo. Chitsimecho n'chakuya mamita pafupifupi 34. Nditawauza kuti mu 1573 nsanja itagwa zigumukire zake zinatseka chitsimecho, ndipo patangopita masiku owerengeka anthu a m'lingamo anagonja, bambo anagwedeza mutu n'kunena kuti wokhala paphiri saopa mkondo monga mmene amaopera ludzu.

Mbadwa_ya_ku_Nkhoma
Mawu a bambo anuwo andikumbutsa agogo anga aakazi. Kwathu ku Nkhoma anthu a mfumu Mazengera anakhalapo pamwamba pa phiri pothawa nkhondo za Angoni, mpaka nthawi imene amishoni anafika mu 1896. Agogo ankasimba zimene anamva kwa amayi awo, kuti paphiripo panali potetezeka chifukwa mdani akamakwera ankamugubuduzira miyala, koma minda ndi madzi okwanira zinali kumunsi, moti amayi ankatsika ndi mitsuko mbandakucha mtima uli m'mwamba. Nditafika ku Edinburgh koyamba n'kuima pakhoma lija, ndinazindikira kuti anthu amene anasankha thanthwe limenelo anawerengera zomwezo: mbali zitatu phompho, njira yolowera imodzi yokha, ndipo vuto lotsala ndi madzi ndi chakudya. Sindikunena kuti Nkhoma ndi Edinburgh n'zofanana, pakuti kwathu kunalibe makoma a miyala ndi matope a laimu, ndipo nthawi zake n'zotalikirana. Ndikungonena kuti mayi a ku Zomba sadzasowa pogwira, chifukwa nkhani yothawira kuphiri si yachilendo kwa munthu wamkulu wa kwathu.

Wa_ku_Masvingo
Ine ndinabadwira ku Zimbabwe, makolo anga anachokera ku Dedza, ndipo ndikamva nkhani ngati iyi mtima umandipweteka pang'ono, chifukwa timawoloka nyanja kukadabwa ndi miyala ya eni ake pamene yathu ili pafupi. Ku Great Zimbabwe, kufupi ndi tauni ya Masvingo, kuli makoma a miyala pamwamba pa phiri ndi mudzi waukulu m'chigwa, ndipo zinamangidwa kuyambira zaka za m'ma 1000 mpaka za m'ma 1400, nthawi imodzimodziyo imene katchalitchi ka Margaret ndi nsanja ya David II zinkamangidwa. Khoma la mpanda waukulu wa m'chigwa limafika mamita 11 kutalika kwake ndipo kuzungulira kwake ndi mamita pafupifupi 250, miyala yongosanjikiza popanda matope alionse. Njira yokwerera paphiri imadutsa pakati pa matanthwe awiri, yopapatiza moti anthu amadutsa mmodzimmodzi. Amene mwaona linga la ku Edinburgh muyenera kudzaonanso limeneli.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwanena zoona pa nthawi yake, bambo, ndipo malo onse awiri ali m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse, Great Zimbabwe kuyambira 1986 ndipo Edinburgh kuyambira 1995. Koma tisafulumire kutchula makoma a ku Great Zimbabwe kuti linga la nkhondo. Akatswiri ambiri ofukula zakale amaona kuti makoma aja ankasonyeza ulemerero wa mfumu ndi kubisa malo opatulika, pamene a ku Edinburgh anazingidwa ndi kuomberedwa kambirimbiri, komaliza mu 1745. Kufanana kwake ndi kwakuti wolamula ali pamwamba ndipo omudyetsa ali m'munsi.

Wa_ku_Masvingo
Pamenepo sinditsutsa, aphunzitsi. Ine ndimangofuna kuti ana athu adziwe kuti luso losanja miyala silinali la dziko limodzi.

Wa_ku_Leith
Tibwerere ku funso la achemwali, chifukwa anafunsanso za mudzi wa m'munsi, ndipo ine amene ndakhala mumzinda uno zaka 12 ndikuona kuti kusankha chimodzi n'kusiya china ndi kudula nkhani pakati. Thanthwe lija ndi mtima wa phiri lophulika lakalekale, mwala wolimba kwambiri, ndipo pamwamba pake ndi mamita pafupifupi 130 kuchokera pamlingo wa nyanja. Pamene madzi oundana ankayenda kuchokera kumadzulo n'kumakokolola nthaka, analephera kuliswa, ndiye anakumba zigwa m'mbali mwake n'kusiya mchira wautali wa nthaka kum'mawa. Pamsana pa mchira umenewo ndi pamene pali msewu wa Royal Mile, wotsika kuchokera pachipata cha linga mpaka ku Holyrood, kumene David I yemweyo anakhazikitsa nyumba ya ansembe mu 1128.

Mukayang'ana mapu, mudziwo umaoneka ngati minga ya chambo: msewu waukulu ndiwo msana, ndipo mbali zonse ziwiri kuli tinjira topapatiza totsetsereka, timene eni ake amatitcha close kapena wynd. Tinjira timeneti timatsata malire a mapuloti akale, opapatiza kumsewu koma aatali kumbuyo, ndipo apa ndi pamene zaka zapakati zija zatsalira ngakhale nyumba zake zinamangidwanso. Kumpoto kunali dziwe lochita kutseka, Nor' Loch, pamene lero pali munda umene a Chidzukulu akunena ndi siteshoni ya sitima ya Waverley. Mbali zina kunali khoma, limene analiwonjezera Asikoti atagonja pa nkhondo ya ku Flodden mu 1513. Posowa kofutukukira, anthu anayamba kumanga chokwera m'mwamba, moti nyumba zina zinafika nsanjika 10 ndi kuposa. Olemera ndi osauka ankakwera masitepe amodzi, opeza bwino akukhala nsanjika zapakati, osauka pansi penipeni kapena kudenga. Lowani mu Gladstone's Land ku Lawnmarket, nyumba ya wamalonda ya cha m'ma 1620 yokhala ndi denga la matabwa ojambulidwa maluwa ndi zipatso, mudzaone mmene ankakhalira. Madzi a m'mipope anafika m'mudzimo m'zaka za m'ma 1670 kuchokera ku akasupe a ku Comiston, ndipo timanyumba ta miyala timene anthu ankatungapo tina tikadalipo m'mbali mwa msewu. Panali anthu amene ntchito yawo inali yosenza madzi m'migolo kukwera nawo masitepe onsewo.

Namondwe77
Ine ndinamva kuti pansi pa msewuwo pali kanjira kotchedwa Mary King's Close kamene anthu odwala mliri anatsekeredwamo ndi njerwa n'kufera momwemo. Ngati zili choncho, kumeneko mayi wamkulu musapite nawo.

Wa_ku_Leith
Nkhani imeneyo imakambidwa kwambiri koma si yoona. Mliri wa mu 1645 unapha anthu ochuluka zedi mumzindawo, ndipo mabanja odwala ankatsekeredwa m'nyumba zawo kuti asafalitse matenda, koma ankawabweretsera chakudya, ndipo ena ankawasamutsira m'misasa kunja kwa mudzi. Kanjirako kanakwiririka patapita zaka zoposa 100, kuyambira mu 1753, pamene anadula nsanjika zapamwamba za nyumba zake n'kumanga pamwamba pake chinyumba chimene lero ndi likulu la khonsolo ya mzinda, ndipo anthu ena anapitiriza kukhala ndi kugwira ntchito m'munsimo kwa zaka zambiri. Komabe ndikuvomereza kuti mayi asapiteko, pa chifukwa china: ndi kotsetsereka, kwamdima, ndipo masitepe ndi ambiri.

Mmisiri_wa_Matabwa
Ine ntchito yanga ndi ya denga, ndiye mundilole ndinene chimene ambiri amachidutsa chifukwa choyang'ana malupanga opachikidwa m'makoma. M'chipinda chachikulu cha Great Hall, chimene chinamalizidwa mu 1511 pa nthawi ya James IV, kwezani maso. Dengalo lilibe mzati pakati ngakhale umodzi. Mitanda yaifupi imatuluka m'khoma itakhala pa miyala yosemedwa, pamwamba pake pamaima mitengo ina, ndipo kulemera konse kumatsikira m'makoma mwa njira imeneyo. Matabwawo ndi omwe aja a zaka 500 zapitazo, ndipo anapirira ngakhale pamene asilikali a Oliver Cromwell wa ku England, atalanda lingalo mu 1650, anasandutsa chipindacho kukhala chogonamo. Ndinakhala m'menemo mpaka khosi linauma.

China chakale chenicheni ndi mzinga wa Mons Meg, umene uli panja pafupi ndi katchalitchi kaja. Unasulidwa mu 1449 ku Mons, m'dziko limene lero ndi Belgium, ndipo unaperekedwa kwa James II mu 1457. Umalemera matani 6, ndipo zipolopolo zake ndi miyala yobulungira ya makilogalamu pafupifupi 150, imene yaunjikidwa pambali pake. Unapangidwa polumikiza mizati yachitsulo n'kuimanga ndi mikombero ngati mgolo, ndipo pamene unang'ambika pamaonekabe. Choncho a Nachisale, zakale zilipo, kungoti zabalalika pakati pa zatsopano.

Chidzukulu_cha_Mlonda
Ndamva zonse ndipo pa za galimoto ija ndagonja. Koma pali china chimene chimandivuta ndi malo amenewa, ndipo ndichinene poyera. Timapitako ngati kokasangalala, pamene ndi malo a magazi. Pabwalo lomwe timaimapo pamzere wa matikiti, pa Castlehill, anthu ambiri, makamaka amayi, anawotchedwa m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 powanamizira ufiti, ndipo chowakumbukira ndi kachitsulo kakang'ono pakhoma, Witches' Well, kamene anthu amakadutsa osakaona. Pansi pa Great Hall pali zipinda zamdima zimene munkasungidwa akaidi a nkhondo a ku France, America, Spain ndi maiko ena, ndipo pazitseko pakadali mayina ndi zombo zimene ankazokota ndi mipeni. Kirkcaldy amene aphunzitsi atchula uja anapachikidwa pamsika wa m'mudzimo atagonja. Kodi zoterezi n'zoyenera kuonetsa mayi amene abwera kudzapuma?

Nabanda_wa_ku_Fife
N'zoyenera, achimwene, bola kuwauza mwaulemu. Makolo athu si ana, ndipo aona zambiri kuposa ife. Bambo anga nditawaonetsa kachitsulo ka pa Castlehill kaja anavula chipewa, n'kukhala chete, kenako ananena kuti kwathu agogo okalamba akumenyedwabe ndi kuthamangitsidwa m'midzi pa mlandu womwewo. Tinakambirana nkhani imeneyo ulendo wonse wobwerera pasitima, ndipo sitinayambe taikambapo chiyambire. Ndikanawabisira, akanabwerera kwawo ndi zithunzi za makoma zokha.

Mkulu_wa_Mpingo_G
Mayi Nachisale, ngati mayi anu ndi a CCAP ku Zomba, musalephere kuwalowetsa mu St Giles', tchalitchi chachikulu chimene chili pakati pa Royal Mile, chokhala ndi nsanja yooneka ngati chisoti chachifumu. Chinayamba m'zaka za m'ma 1100, ndipo John Knox, mtsogoleri wa Chiprotestanti ku Scotland, anakhala mbusa wake kuyambira 1559. Mpingo wa Church of Scotland, umene unatumiza amishoni amene anayambitsa Blantyre Mission mu 1876, mizu yake ili pamenepo, ndipo msonkhano wake waukulu umachitika mwezi wa Meyi chaka chilichonse m'holo imene ili pafupi ndi lingalo. Muli mipando yokwanira, moti ndi malo abwino opumira pakati pa ulendo. Mukamapita kokakwera sitima, m'munda wa Princes Street chakufupi ndi siteshoni muli chiboliboli cha David Livingstone. Ndiwonjezere kuti mwachita bwino kusankha Meyi, chifukwa mu Ogasiti pabwalo la linga pamakhala mipando yosanja ya chionetsero cha asilikali, ndipo msewu wonse umadzaza moti munthu wa ndodo sangapeze poponda.

Namondwe77
Muyambire kumunsi ku Holyrood n'kumakwera, kuti lingalo likhale mathero a ulendo monga mmene alendo akale ankalifikira. Ndipo musaiwale mwala uja ankakhalapo mafumu powalonga ufumu.

Wa_ku_Leith
Ayi, kwa wodwala mawondo msewu wa makilomita pafupifupi awiri wokwera okhaokha sungatheke. Akwere takisi mpaka pafupi ndi chipata, ayambe ndi linga mphamvu zikadalipo, kenako azitsika pang'onopang'ono. Mwala mukunenawo, umene unabwezedwa kuchokera ku London mu 1996, suli m'lingamo tsopano, unasamutsidwira ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Perth mu 2024.

Nachisale_Paisley
Abale anga, ndabweranso kudzakuuzani mmene tinayendera, pakuti tinapita Lachiwiri lapitali. Tinatsata malangizo a mayi Nabanda ndi a Wa_ku_Leith, ndipo mayi anakwera galimoto ija mpaka pamwamba. Tinayamba ndi katchalitchi anthu asanachuluke. Mayi analowa atawerama pang'ono, anakhala pabenchi, n'kuyala dzanja lawo pakhoma ngati akufuna kumva kuzizira kwa mwalawo. Paguwa panali maluwa atsopano, ndipo nditawauza kuti amawaika ndi amayi a bungwe la anthu otchedwa Margaret, anamwetulira n'kunena kuti ndiye kuti nakonso kuli Mvano. Anapemphera chamumtima, ndipo ine ndinaima pakhomo kuwadikira.

Pachitsime anafunsa funso limene palibe aliyense wa ife analifunsa pano: ankatunga ndani, ndipo chingwe chotalika chotero ankachikoka anthu angati? Denga la a Mmisiri tinaliona titakhala pansi. Nthawi ya 1 koloko masana tinali chapatali pang'ono ndi mfuti yaikulu ija imalira tsiku lililonse kupatula Lamulungu, ndipo ngakhale ndinawachenjeza, inawadzidzimutsa mpaka anandigwira mkono. Nditawafotokozera kuti mwambowo unayamba mu 1861 pofuna kuti oyendetsa zombo pa doko la Leith azikonza mawotchi awo, anayang'ana kunyanja n'kuyerekeza mtunda wake ndi maso. Ku zipinda za akaidi sitinatsike chifukwa cha masitepe, koma pa kachitsulo ka pa Castlehill tinaima, a Chidzukulu, ndipo ndinawauza zonse.

Kutsika msewu kunatitengera maola atatu, kuphatikiza kupuma mu St Giles' ndi kumwa tiyi. Ku Lawnmarket mayi anaima n'kuwerenga nsanjika za nyumba ndi chala, kenako anasuzumira m'kanjira kamodzi kotsetsereka, n'kutambasula manja mpaka anakhudza makoma onse awiri. Titafika pa kanyumba ka miyala kotungira madzi kamene kali pafupi ndi John Knox House, anabwereranso kuyang'ana kumtunda kumene tinachokera, n'kunena kuti wamkulu anali ndi chitsime chake pamwamba, ndipo ana a eni ake ankasenza migolo m'masitepe. Anandiuza kuti ndijambule kanyumbako ndi chitsime chija, ndipo zithunzi ziwirizo ndizitsukitse kuti akaonetse anzawo a Mvano.

Ku Holyrood sitinafike. Mawondo anakana pamphambano pamene panali chipata cha Netherbow, chimene chinagwetsedwa mu 1764, pamene pamsewu anakhomapo tizitsulo tachikasu tosonyeza malo ake. Ndinawauza kuti mudzi wakale unkathera pomwepo, ndipo kupitirira apo unali kale mudzi wina wa Canongate. Mayi anaponda tizitsuloto ndi ndodo yawo, n'kunena kuti popeza tatuluka pachipata, ndiitane takisi.